Lole Yovala Chipewa

Mukadzandiona ndikudutsa pamsika wa Kawale nditabereka mwana, mutu nditaweramitsa ngati wataya ndalama ya ndiwo, wina n'kukuwa kuti "Injiniya!", chonde musatembenuke. Akuitana ine, ndipo si ulemu ayi. Dzinali ndinalipata Loweruka lina m'mwezi wa Julaye, tsiku la chinkhoswe cha mlamu wanga, pamene ndinatsala pang'ono kuthetsa banja la eni ake lisanayambe n'komwe. Ndaona kuti ndi bwino ndiulule ndekha, chifukwa nkhaniyi ikamakambidwa ndi apongozi anga imanenepa sabata iliyonse. (Ulendo wathawu ndinawamva akuuza amayi a kumpingo kuti lole inachita kuyetsemula.)

Poyamba mudziwe zinthu ziwiri za ine. Ndili ndi setifiketi ya zamakompyuta, ya miyezi isanu ndi umodzi, yochokera ku kakoleji kena ka pamwamba pa sitolo m'tauni. Ili m'felemu pabalaza, pakati pa kalendala ndi chithunzi cha ukwati wathu. Zimene ndinaphunzira kumeneko ndi kutayipa makalata, kupanga matebulo, ndi kuzimitsa kompyuta ikauma. Aphunzitsi athu ankati vuto lililonse la kompyuta limatha ukaizimitsa n'kuiyatsanso, ndipo likapanda kutha, uizimitsenso. Ntchito sindinaipezebe.

Chachiwiri, ndili ndi mwana mmodzi, Tadala, amene nthawi imeneyo anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Chibadwireni mwanayu mtima wanga sunakhalepo pansi. Akayetsemula, ine ndafika kale ku chibayo. Akagona nthawi yaitali, ndimamuika kagalasi pamphuno kuti ndione ngati kachite nthunzi. Kukazizira ndimamuveka zipewa ziwiri, china pamwamba pa chinzake, chachitatu chili m'chikwama kudikira. Anesi a kusikelo anandifunsapo ngati ndabweretsa mwana kapena belo la kaunjika.

Tsono bambo a Tadala ali ndi lole ya matani awiri, yotuta mchenga ndi njerwa. Amaikonda lole imeneyi moti ndimaitcha mkazi mnzanga. Vuto lake linali zitunda. Ikanyamula mchenga inkakwera ngati nkhalamba yochokera kuchigayo. Ndiye sabata ya chinkhoswe anaipititsa ku Biwi kwa Che Saidi, makaniko wawo wa nthawi zonse, kuti akaiwonjezere mphamvu. Che Saidi anachotsa chibokosi chakale cholowera mpweya kuseri kwa mutu wa lole, n'kuikapo fyuluta yatsopano, yofiira, yokhala pamtetete popanda chovundikira. Anasinthanso paipi ya utsi, n'kuika yaikulu yoloza kumwamba ngati ya mathiraki odutsa m'malire.

Pokaitenga Lachisanu madzulo ndinapita nawo. (Ndinkafuna ndikaone ngati pampando pokhala mwana sanadonthezepo oilo.) Che Saidi, akupukuta manja ndi kansanza, anati:

"Achimwene, ntchito ya manja yatha. Yatsala kompyuta. Lole iyi ili ndi kabokosi koyeza mpweya ndi mafuta, ndiye kameneko kakukumbukirabe mphuno zakale. Tikaiwalitse, kayambirenso kuphunzira kupuma ndi mphuno zatsopanozi. Ndibwera kwanu mawa m'mawa, si zotenga nthawi."

"Kuiwalitsako mumachita bwanji?" anafunsa bambo a Tadala.

"Kuchotsa theminolo ya batire, kudikira maminitsi fifitini, kubwezera. Kenako kuliza injini n'kuisiya maminitsi teni, osaponda faya, izidziphunzira yokha. Koma musavutike, ndidzapanga ndine."

Ine pambali ndinkagwedeza mutu ngati mnzawo wa ntchito. Kugwedeza kumeneko n'kumene kunandipalamulira.

Loweruka m'mawa foni inalira. Che Saidi anali pamaliro ku Mtandire. Neba wawo anali atamwalira, ndipo paja anzathu achisilamu sagoneka maliro. Anati amasuka ikadutsa wani koloko, atatero foni n'kuizimitsa.

Kuti mumvetse chifukwa chimene pakhomo panazizirira, ndikuuzeni za a malume. Mlamu wanga Limbani, mng'ono wawo wa bambo a Tadala, ankatomera mtsikana wa ku Area 25. Nkhoswe yaikulu ya mtsikanayo inali malume ake ochokera ku Mchinji, bambo osakhulupirira anthu a m'tauni ngakhale pang'ono. Ulendo woyamba, pokafunsira mbeta, a kwathu anafika mochedwa ndi maola atatu, ndipo a malumewo sanaiwale. Anatumiza uthenga womveka bwino: ikakwana thu koloko a kuchimuna asanafike ndi tambala wawo, iwo akukwera minibasi, ali ndi dimba lofunika kuthirira. Popanda iwo panalibe chinkhoswe. Ndipo a kuchimuna onse, amayi ovala mabulauzi oyera ndi zitenje zofanana, madengu a mphatso, ndi tambala yemweyo, amayenera kukwera lole yathu. Limbani yekha ndi anzake anali atatsogola kale.

Tambalayo ndimufotokoze. Anali woyera mbee, ndipo apongozi anamulera miyezi inayi ngati mwana wa bwana. Nkhuku zina zinkadya madeya, iye ankadya madeya othira usipa.

Bambo a Tadala anaima pabwalo manja ali m'chiuno, kuyang'ana lole. Anati sangaiyendetse choncho Che Saidi atanena kuti kompyuta ikukumbukira zolakwika, nanga ikakawonongeka? Apa apongozi anatulukira pakhomo, duku lili m'manja.

"Kodi mukudandaula chiyani ana inu? Si tili naye wa makompyuta m'nyumba muno?"

Analoza chapabalaza, kumene kuli felemu kuja. Amayi onse anatembenukira kwa ine.

Munthu wanzeru akanati, Amayi, kompyuta yake si imeneyo. Koma apongozi anga akhala akundinyadira zaka ziwiri zathunthu. Kumpingo, kumaliro, kumpopi, aliyense amadziwa kuti mpongozi wawo "amalankhula ndi makina". Ndi munthu yekhayo padziko amene amaiona setifiketi yanga ngati digiri. Ndikanayamba bwanji kuwagwetsa pamaso pa azilongo awo? Ndinamva pakamwa panga pakunena pokha kuti, "Aa, zimenezo n'zazing'ono."

Ndinakwera kutsogolo kwa lole, Tadala ali kumsana, n'kufunsa mwaukatswiri kuti, "Sikirini yake ili kuti?"

"Ilibe," anatero bambo a Tadala.

"Nanga kiyibodi?"

Anandiyang'ana kaye, kenako anagwada n'kundilozera kabokosi kakuda pansi pa dashibodi, kukula kwake ngati theka la buledi, mawaya ali mbwee. Kanalibe batani ngakhale limodzi. Ndinakagogoda ndi chala. (Sindikudziwa kuti ndinkayembekezera kuti kayankha chiyani.) Ndinatsegula kanema pafoni, mzungu wandevu akulankhula ngati akuthamangitsidwa. Atangokweza chala n'kunena kuti tsopano ichi ndiye chofunika kwambiri, bandulo inatha.

Komabe mawu a Che Saidi ndinali nditawasunga, ndipo nditawaganizira bwino ndinalimba mtima. Kuchotsa batire n'kubwezera? Si kuzimitsa n'kuyatsanso komweko! Miyezi isanu ndi umodzi ija sinapite pachabe. Ndinaitanitsa sipanala ya teni ndi mawu a dokotala woitanitsa lumo. Pomasula theminolo panathetheka kamoto kakang'ono, ine n'kulumpha, "Mayo ine!" Amayi atandiyang'ana ndinawauza kuti umu ndi mmene kompyuta imatsanzikira.

Tsopano panali mphindi khumi ndi zisanu zodikira. Bambo a Tadala anapita kukasamba. Amayi analowa m'nyumba kukamanga maduku. Pabwalo tinatsala atatu: ine, Tadala, ndi lole. Ndipo munthu ngati ine sayenera kusiyidwa yekha mphindi khumi ndi zisanu popanda chochita.

Mukudziwa mphepo ya Julaye ku Lilongwe, yolowa m'mafupa, yobwera ndi fumbi la mumsewu ndi timapepala ta majumbo. Ndinamukonza Tadala zipewa zake ziwiri, n'kuyamba kuzungulira lole. Nditafika kuseri kwa mutu wake, ndinaiona fyuluta ija. Yofiira, yozungulira, yadazi, ili payokhayokha pamphepo. Kukula kwake kunali ndendende mutu wa Tadala.

Che Saidi anati zimenezi ndi mphuno zatsopano. Anati lole iyamba kumene kuphunzira kupuma. Nanga chinthu chongoyamba kumene kupuma si khanda? Ndani amatulutsa khanda pamphepo ya Julaye, m'fumbi la Kawale mpaka Area 25, mutu uli pamtunda? Ndinayamba kuwakwiyira Che Saidi. Amuna, ndinatero mumtima, sadziwa kusamala kanthu.

Ndinatsegula chikwama cha mwana. Ndinatulutsa thewera lansalu, n'kulipinda kanayi, n'kukulunga fyuluta yonse bwinobwino, osasiya mpata. Pamwamba pake ndinaveka chipewa chachitatu chija, chaulusi, chapinki, chokhala ndi kampira pansonga, chimene apongozi analuka ndi manja awo. Chinakwana ngati anachita kuyeza. Kuti chisauluke ndinachimanga ndi mphira ya chubu, kuzunguliza katatu. Nditabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana, ndinamva mtendere umene ndinali ndisanaumvepo chibadwireni Tadala.

Mwina mukufunsa kuti nanga palibe anachiona? Anachiona onse! Koma atsikana anali atakongoletsa kale lole ndi maliboni ndi zibaluni zapinki, ndiye aliyense anayesa n'chokongoletsera. Azakhali ena mpaka anayamikira kuti kampirako kakukhala.

Nthawi itakwana ndinabwezera theminolo, bambo a Tadala n'kuliza injini. Inatsokomola kawiri, n'kuyamba kulira mobanika ngati munthu woyimba ali m'bulangete. Padashibodi panayaka kanyali kachikasu.

"Mayi a Tadala, kanyali aka?"

"Ikuganiza," ndinatero. "Kompyuta iliyonse imatero ikamatsegula."

Tinanyamuka hafu pasiti leveni, nthawi yokwanira kufika ku Area 25 kawiri n'kubwerako. Ine ndi mwana tinakhala kutsogolo, mawindo onse otseka. Apongozi anakana mpando, anati woyambitsa nyimbo sakhala m'galasi. Anakwera kumbuyo ndi amayi anzawo, tambala ali m'khwapa.

M'misewu ya Kawale lole inkayenda ngati ikudzifunsa ngati ulendowu ndi wofunikadi. Potsetserekera kumtsinje wa Lilongwe zinakhala ngati zayamba kuyenda, amayi kumbuyo nyimbo ili pakamwa, nthungululu zili tswee. Titawoloka mlatho n'kuyamba chitunda, bambo a Tadala anaponda faya. Lole sinathamange. M'malo mwake paipi yatsopano ija inalavula chiutsi chakuda bii, ndipo poti inaloza kumwamba pafupi ndi mutu wa lole, mphepo inkachitenga chonse n'kuchikhuthulira kumbuyo kuli amayi. Nyimbo inayamba kuduka. Woyambitsa akayamba, ovomera ankavomera ndi chifuwa.

Wakabaza wina, atanyamula mayi ndi thumba la makala, anatipitirira pachitunda pomwepo. Analiza belu lake, n'kuyang'ana bambo a Tadala pawindo.

"Bwana, ndikatula awa ndibwere ndidzakukokeni?"

Mwamuna wanga, amene sabata yonse ankauza anzake kuti lole yake izidzapitirira mabasi, pamwamba pa chitunda anaimika pambali.

"Sinaiwale bwinobwino," ndinatero. "Zimachitika. Tizimitsenso."

"Mukutsimikiza, mayi a Tadala?"

"Kodi setifiketi ija ili ndi dzina lanu kapena langa?"

(Mawu amenewa ndimawakumbukira ndikamachapa, ndikamaphika, ngakhale ndili m'tchalitchi.)

Sipanala, kamoto, mphindi khumi ndi zisanu, kenako khumi zoti iphunzire. Ndikuzungulira podikira, ndinadutsa pa fyuluta paja, n'kuona kuti chipewa chapendekeka pang'ono. Ndinachikonza. Ndinawonjezeranso kumanga mphira. Inde, ndinachigwira ndi manja angawa, osaganiza kanthu. M'mutu mwanga kufunditsa chinthu sikunapwetekepo aliyense.

Tinayendanso, ndipo zinali chimodzimodzi, kupatula kuti utsi unawonjezera. Cha ku Area 18 ndinalamula kuti tiimenso, tizimitse kachitatu. Foni yanga inalira, anali Limbani.

"Alamu, muli pati? A malume afunsa nthawi kawiri. Panopa avala jekete."

"Tili pafupi, alamu."

"Pafupi pake pati?"

"Pafupi kwambiri."

Titanyamuka kachitatu, lole inakwawa pang'ono mumsewu wopita ku Kanengo, n'kufika poti munthu wokankha wilibala ankayenda nafe limodzi, mpaka tinapatsana moni. Bambo a Tadala anaimika okha, osadikira lamulo langa. Nthawi inali itadutsa wani koloko.

Apa ndi pamene ndinatsika n'kuwaona amayi bwinobwino. Abale inu. Mabulauzi oyera aja anali ngati awachapira m'phulusa. Nkhope zonse zakuda, maso okha ndi mano ndiwo ankaoneka. Apongozi anatsika pang'onopang'ono, ndipo m'khwapa mwawo munali mbalame imene sindinaizindikire. Tambala wa usipa uja anali wakuda ngati khwangwala, akuphethira mwa apo ndi apo ngati wabwera kumene kuchokera kunkhondo.

Chimene chinandipweteka n'chakuti apongozi sanandikalipire. Anandigwira paphewa mwaulemu.

"Mwana wanga, kodi kompyutayi imamva Chichewa? Mwina uilankhule m'Chingerezi, usachite nafe manyazi."

Atatero anasanjika dzanja pachitseko cha lole n'kuyamba kudzudzula mzimu wa kuchedwa. Amayi anavomera, akutsokomola. Foni inaliranso.

"Alamu," anatero Limbani, "a malume atenga chikwama."

Mwa chisomo, bambo a Tadala ataimbira Che Saidi anapeza foni itayaka. Kuchokera ku Mtandire si kutali, ndipo posakhalitsa anatulukira pa njinga yawo yamoto, ali mumkanjo woyera ndi kofiya, fumbi la kumanda lili kumapazi. Anapereka moni kwa apongozi, kuyang'ana amayi, kuyang'ana tambala. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Alamu, tandiuzani mwapanga bwanji."

Ndinafotokoza zonse mwandondomeko ngati pamayeso: theminolo, fifitini, kubwezera, teni, osaponda faya.

"Mwakhoza," anatero. "Ngakhale ine ndikanapanga choncho."

Ndinawayang'ana bambo a Tadala ndi diso loti mwamva? Apongozi anaimba kanthungululu kakang'ono kosasa. Mphindi imeneyo inali yokoma kwambiri pamoyo wanga, ndipo inatha msanga.

Che Saidi analiza injini, kupendeketsa mutu, kumvetsera. Anayamba kuzungulira lole pang'onopang'ono, khutu lili patsogolo ngati akusaka chitete. Atafika kuseri kwa mutu anaima. Anaima nthawi yaitali. Anavula kofiya, kukanda m'mutu, kuvalanso.

"Achimwene," anaitana motsitsa mawu, "kodi lole yanuyi ikupita kusikelo?"

Anamasula mphira. Anavula chipewa. Pansi pake anapeza thewera, litayamwidwa mpaka kumatirira pa fyuluta, ndipo anachita kulisenda ngati khungu la mbatata. Ananyamula chipewa ndi kampira kake, kuchikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Ichi n'cha ndani?"

Apongozi anayandikira, kutsinzina diso limodzi.

"Chimenecho," anatero pang'onopang'ono, "ndinaluka ndine."

Maso onse anapita pamutu pa Tadala, pamene panali zipewa ziwiri za mtundu womwewo. Kenako anatsikira kwa ine. Ndinafunafuna m'mutu mawu a ukatswiri, a Chingerezi, alionse. Amene anatuluka anali amodzi okha.

"Kumazizira."

Azakhali oyamikira kampira aja ndiwo anayamba. Anaseka mpaka anakhala pansi m'mbali mwa tala, miyendo tambalale. Ena anagwirana m'mapewa, misozi ikujambula mizere yoyera pankhope zakuda. Wa wilibala uja, amene anali ataima kuti aone mathero ake, anafunsa ngati lole imayamwanso.

Che Saidi anayesetsa kusaseka, paja anali akuchokera kumaliro. "Alamu, fyuluta iyi tinaiika pamtetete dala, kuti injini izimeza mpweya wambiri. Inu mwaitseka mphuno. Kenako mwaiwalitsa kompyuta katatu, ndipo katatu konse yadzuka n'kuphunzira kuti padziko pano mpweya kulibe. Ndi wophunzira wabwino, mphunzitsi ndiye..." Anasiyira pomwepo.

"Ndiye tingopita?" anafunsa bambo a Tadala.

"Iyayi. Iiwalenso za chipewazi. Fifitini ndi teni."

Tinayang'ana nthawi. Inali itadutsa hafu pasiti wani. Ngakhale ine wa matebulo ndinaona kuti masamu ake sakutheka. Ndinaganiza za Limbani ali mu suti yake, za mtsikana uja atakonzedwa tsitsi kuyambira m'mawa, za a malume ali pasiteji, ndipo kuseka konse kunandithera. Ndinayamba kulira, Tadala naye n'kundithandiza.

Apongozi sanalire. Ankayang'ana njinga yamoto ya Che Saidi. Muyenera kudziwa kuti mayi amenewa njinga zamoto amazitcha mabokosi a maliro othamanga, ndipo anali asanakwerepo chibadwire.

"Bambo, chinthu chanuchi chimanyamula anthu awiri?"

"Chimanyamula, Amayi."

"Ndi tambala?"

"Tambala salipira."

Anamanga chitenje mwamphamvu, kukhala chammbali ngati mfumukazi, dzanja lina litakakamira mkanjo wa Che Saidi, lina litapana tambala. Asananyamuke, Che Saidi anandiponyera sipanala.

"Panganinso, alamu, inu mumatha. Koma isavale kanthu."

Ndinachotsa theminolo kachinayi. Mphindi khumi ndi zisanu zimenezo bambo a Tadala ankangoyang'ana kutsogolo, manja ali pachiwongolero. Ndinkadikira kuti atchule za setifiketi. Chakumapeto anapuma mozama n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Thewera lija linali lochapa?"

Titaliza injini, inabangula ngati yamasulidwa kundende. Kanyali kachikasu kanazima. Titalowa mumsewu lole inauluka, tinapitirira minibasi ziwiri, ndipo ine amene ndinachedwetsa anthu maola awiri ndinayamba kukuwa kuti achepetse liwiro muli mwana muno.

Tinafika thu koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Pageti tinapeza bambo wachikulire wovala jekete atakhalira chikwama chake, akupukuta misozi ndi mpango. Ndinati basi, zatha, mpaka nkhoswe ikulira. Kuyandikira, ndinaona kuti akuseka. Patsogolo pawo panali apongozi, akuda bii, akuchita sewero la mmene ndinamangira mphira.

Limbani ndiye anadzandiuza mmene zinayambira. A malume anali atatuluka kale pageti, chikwama m'manja, pamene njinga yamoto inaima patsogolo pawo. Panatsika mayi wakuda ndi mwaye, duku lili pakhutu, atanyamula tambala wakuda. A malume anabwerera m'mbuyo masitepe atatu.

"Tambala wakuda? Kodi mwabwera kudzatomera kapena kudzatilodza?"

Apongozi ananyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu, n'kupukuta phiko limodzi mpaka nthenga zoyera zinaonekera. Kenako anati, "Bambo, khalani pansi ndikuuzeni za mpongozi wanga wophunzira."

Nditatsika m'lole, a malume anaimirira, kundiyang'ana ine, kuyang'ana Tadala ndi zipewa zake ziwiri.

"Ndi awa a Injiniya?"

Ndinagwada, maso ali pansi. "Ndine, a malume. Pepani."

"Iyayi, dzukani. Ine ndinkaopa kuti mwana wathu akulowa m'banja la anthu osasamala. Koma banja lofunditsa ndi galimoto yomwe, mwanayu sakagona ndi mphepo." Anapereka chikwama kwa Limbani. "Kaikeni m'nyumba. Dimba lidikira. Koma tambalayo mumusambitse kaye."

Chinkhoswe chinachitika. Pazithunzi zonse a kuchikazi akuwala, a kuchimuna tikuoneka ngati gulu la ogulitsa makala limene linaitanidwa mwangozi. Tambala analandiridwa ali wonyowa, wotuwa, ndipo sanalire ngakhale kamodzi.

Mungaganize kuti apongozi anasiya kundinyadira. Ayi ndithu. Amamaliza nkhani yonse, anthu akugubuduka, kenako amakweza chala n'kunena kuti, "Komatu makaniko ananena yekha kuti kompyutayo anaikhoza kanayi konse." Felemu ikadali pabalaza.

Ine ndinaphunzirapo kuti si chilichonse chokhala ndi mphuno chimafuna chipewa. Ndikudziwa zimenezo ndi mutu wanga wonse. Koma lole imagona panja, ndipo Julaye amabwera chaka chilichonse. Dzuwa likamalowa, mphepo ija n'kuyamba, ndimapita kukaanula matewera, n'kuiona fyuluta ili payokhayokha, yadazi, yofiira ngati yalira. Manja amangopita okha.

Ndiye tinagwirizana ndi bambo a Tadala kuti usiku fyulutayo izigona itavala chipewa. Ndinapita kokatayipa m'tauni, ndinakana kuti mtsikana wa pamenepo andithandize, n'kulemba ndekha ndi zilembo zikuluzikulu, zakuda, zoikidwa pakati penipeni pa pepala: VULANI CHIPEWA MUSANALIZE INJINI. Ndinalimatitsa pulasitiki, ndipo madzulo alionse ndimalipachika pachiwongolero. Imeneyo ndiyo ntchito yoyamba imene setifiketi yanga yagwira.

Apongozi akuluka china chachikulupo, chabuluu. Akuti chapinki chija sichinkaikhala.